Dothi la Lufeyo M'bokosi la Katemera

Ana anga, za ubwana wanga musayembekeze kuziwerenga pano. Ndinabadwa, ndinaweta mbuzi, ndinakwapulidwa kusukulu monga wina aliyense. Chimene ndikufuna musunge ndi nkhani ya munthu mmodzi, Lufeyo Phiri, amene ndinam'chotsetsa ntchito, ndi ulendo umene ndinayenda pa njinga yamoto kukam'tenga ku Mozambiki iye atagona kale m'manda. Amayi anu amadziwa theka la nkhaniyi. Theka linalo ndalisunga ndekha mpaka lero.

Chaka choyamba pa ntchito, ku Zemba

Ndinafika ku Zemba ngati mlangizi wa ziweto, satifiketi ili m'chikwama, matama atadzaza mutu. Anandipatsa nyumba yogona mileme, dibi limodzi losambitsiramo ng'ombe, ndi njinga yamoto yakale imene inkalira pokhapokha ukaikankhira kotsetsereka. Padibipo ndinapeza antchito awiri. A Zulu anali bambo wa ana asanu ndi awiri, wofatsa, wokonda mthunzi kuposa ntchito. Winayo anali Lufeyo, wa msinkhu wanga, wosakwatira, wamiyendo yaitali ndi pakamwa posadziwa kubisa kanthu. Sukulu anailekeza panjira, koma ng'ombe iliyonse ya m'deralo ankadziwa mwini wake, make wake ndi matenda ake. Njira nazo ankazidziwa ngati anazilambula yekha. Tikamapita kukabaya katemera m'midzi, iye ankakhala kumbuyo kwanga atafungatira bokosi la katemera, osayankhula. Akandigunda phewa lamanja ndinkakhotera kumanja, akagunda lamanzere ndinkakhotera kumanzere. Zaka zisanu ndi zitatu ndinayenda choncho osasochera ngakhale kamodzi, ndipo kuofesi ankatama ine kuti a Mbewe amalidziwa dera lawo.

Chaka chachisanu ndi chinayi, ku Zemba komweko

Chaka chimenecho zinthu zinasowa. Petulo ankabwera mwa apo ndi apo, majekeseni tinkawiritsa omwewo mpaka kubuntha, ndipo mankhwala a dibi anangobwera zigubu ziwiri m'malo mwa zinayi. Ine, pofuna kuti malipoti anga azioneka bwino, ndinalamula kuti tizithira theka la muyeso m'madzi odzaza dibi. Ng'ombe zinkatuluka zonyowa bwinobwino, nkhupakupa zili nganganga. Lufeyo anandichenjeza kawiri konse.

"Bwana, uku n'kuzitsuka fumbi chabe. Bwanji tingowauza eni ake zoona?"

Ndinamuyankha kuti wa satifiketi ndine. Mvula itagwa ng'ombe zinayamba kufa, ndipo a Mwanza, bwana wathu wa ku boma, anabwera pa galimoto. Anali munthu wamfupi wosakonda kubwereza mawu. Anaima m'mphepete mwa dibi, ananunkhiza madziwo, n'kufunsa ngati tikutsata muyeso. Ine ndinati inde. A Zulu anayang'ana zala zawo za kumapazi. Lufeyo anati, "Ayi bwana, tikuthira theka." Ananena modekha, alimi onse akumva. Ndinalandira kalata yondichenjeza, ndipo manyazi a tsiku limenelo anandikhala pamtima ngati mwala.

Patapita miyezi itatu kunabwera lamulo loti dibi lililonse litsale ndi wantchito mmodzi, ndipo dzina la wochotsedwayo ndilembe ndine. Ndinadziuza kuti a Zulu ali ndi ana asanu ndi awiri pamene Lufeyo ali yekha. Zinali zoona, koma si zimene zinagwira cholembera. Ndinali naye chakukhosi, basi. Pom'patsa kalatayo ndinanama kuti zachokera ku boma, ine sanandifunse n'komwe. Anaipinda kanayi, n'kuiika m'thumba la malaya.

"Palibe kanthu, bwana," anatero. "Koma bokosi lija muzilisiya pamthunzi. Chivindikiro chake sichigwira bwino."

Mwezi usanathe anawoloka malire kukagwira ntchito m'minda ya fodya ku Mozambiki. Sindinamuonenso ndi maso.

Zaka za ku Pembamoyo ndi ku boma

Anandisamutsira ku Pembamoyo, kumene ndinakhala zaka khumi ndi ziwiri ndikusochera ngati mlendo, kenaka ku boma ku Chadiza. Kumeneko ndinapeza bwana wamkazi, mayi Lungu, wamng'ono kwa ine ndi zaka zambiri, amene anatigawira mafoni kuti khola lililonse ndi dibi lililonse tizilitchera chizindikiro pa mapu a m'fonimo. Ndinaseka. Ndinawauza kuti ine ndinabadwa njira zilipo kale, sindingauzidwe kokhota ndi galasi. Iwo anangoti, "A Mbewe, inu mupuma posachedwa. Njira zili m'mutu mwanuzo mupita nazo kwanu, ife titsala ndi chiyani?" Ndinayamba kutchera zizindikirozo, koma foniyo ndinkaigwirabe ngati mbale yotentha. Ndili ku boma komweko ndinamva kuti Lufeyo wamwalira ndi chifuwa nthawi ya dzinja, mitsinje itasefukira, ndipo anamuika komweko achibale ake osafika. Ndinatumiza chipepeso kudzera mwa munthu wina. Kukaonekera ndekha ku Zemba ndinalephera.

Okutobala, miyezi inayi nditapuma ntchito

Ndinali nditagula njinga yamoto yangayanga, ndipo bokosi lakale la katemera lija, limene ofesi inalitaya, ndinalimanga kumbuyo kuti ndizinyamuliramo tinthu ta kumsika. M'mawa wina kunabwera mayi wokalamba, anakana mpando, n'kukhala pansi pakhonde. Anali a Naphiri, mchemwali wake wamkulu wa Lufeyo.

"A Mbewe, mlongo wanga sanafike kwawo," anatero. "Zaka zinayi tsopano ndimamulota ataima kumapeto kwa bwalo, salowa, sayankhula. Ine ndakula, sinditsala nthawi yaitali. Mukanditengereko dothi la kumutu kwa manda ake, tidzaliike pamene anagona amayi athu."

Ndinafunsa ngati palibe wachibale amene angapite. Anati alipo, koma iwo akufuna ine. Kenaka anandipatsa kansalu koyera ndi malamulo awiri a kumtundu kwawo. Loyamba, ndikatenga dothilo ndisabwerere m'mbuyo panjira imene ndadutsa kale, chifukwa pamene ndingatembenukire m'pamene iye adzatsalire. Lachiwiri, pa mtsinje uliwonse ndiime, ndim'tchule dzina, ndimuuze dzina la mtsinjewo, tikatero tiwoloke. Ine ndi munthu wa tchalitchi, mukundidziwa. Koma munthu amene ali ndi mlandu mumtima sasankha mwambo, ndipo ndinavomera.

Vuto linali lakuti mudziwo sindinkaudziwa. Tamara, mwana wanga woyamba, ndiwe unandithandiza, ndipo pano ndilembe kuti unandipirira. Ndinakwera minibasi kubwera kwanu ku Chipata. Pa nambala imene a Naphiri anandipatsa unaimbira a Juwawo, mlimi wa fodya amene anasunga Lufeyo mpaka imfa yake, ndipo mwana wawo anatitumizira chizindikiro cha mudziwo pa foni, kadontho kofiira pakati pa malo opanda kanthu. Unandiuza kuti tsidya linalo netiweki ndi yosowa, choncho unatsitsira mapu a dera lonselo m'fonimo kuti azigwira ntchito popanda netiweki. Masiku awiri unandiphunzitsa kukulitsa mapu ndi zala ziwiri, kutsata mzere wabuluu, ndi kuzindikira kuti kadontho koyendako ndine. Ndinakondwera kuona kuti mitsinje yambiri inali ndi maina, ngakhale olembedwa mwa Chipwitikizi. Unandigulira batire lapadera lotchajira, n'kundichenjeza kuti, "Atate, amene anajambula mapuwa sanapondeko kumeneko. Muzifunsanso anthu." Ndinagwedeza mutu ngati ndamva.

Ndinamanga foniyo pa chiwongolero ndi malegeni, ndinadinditsa mapepala anga ndi a njinga pa malire a Chanida, n'kutsika ndi msewu wa tala wopita ku Tete. Kenaka ndinakhotera kum'mawa mumsewu wafumbi. Unali ulendo wa masiku awiri, ndipo foniyo sinandinamize ngakhale kamodzi. Mawu a mzimayi ankatuluka m'menemo m'Chingerezi, kundiuza pokhota, ine n'kumayankha kuti zikomo mayi. Pofika kwa a Juwawo ndinali nditaikhulupirira kuposa mmene ndinakhulupirirapo bwana aliyense.

A Juwawo ankayankhula Chichewa chonga chathu chomwechi. M'mawa mwake ananditengera kumanda, kumapeto kwenikweni kumene amaika alendo. Panalibe mtanda, panali mwala umodzi ndi mbale yadzimbiri. Ndinagwada, ndinatapa dothi kumutu, ndinalimanga m'kansalu kaja, n'kuliika m'bokosi la katemera ndi kutseka. Ndinati, "A Phiri, ndine Mbewe. Tiyeni kwathu."

Apa m'pamene ndinalakwitsa. Petulo wa m'mabotolo anali atatha m'mudzimo, ndipo wanga anali wosakwana kukafika kumene ndinagula komaliza. Nditayang'ana pa foni ndinaona mzere wina wachidule, wodutsa pakati pa mapiri n'kukatulukira pa tala kufupi ndi malire. A Juwawo anali ataima pomwepo, koma sindinawaonetse. Ndinkafuna andione ngati munthu wodziwa za makono. Safunsa anadya phula, ndipo ine ndinatsanzika n'kukhotera kumene foniyo inaloza.

Poyamba njirayo inali yabwino, ya ngolo. Mitsinje iwiri yoyamba inali ndi maina pa mapu, ndipo ndinaima, kum'tchula Lufeyo, kumuuza, n'kuwoloka pamchenga. Kenaka mikwingwirima ya ngolo inatha. Msewu wokha unkaonekabe kuti unalipo kalekale, wotakata, wokwezedwa pakati, koma mitengo yonenepa ngati ntchafu yanga inali itamera m'menemo, ndipo ndinkaizemba umodziumodzi. Dzuwa lili pamutu ndinalowa m'mudzi. Pa foni unali ndi dzina, komanso kachizindikiro ka sitolo. Pansi panalibe nyumba ngakhale imodzi. Panali mitengo ya mango yokhayokha, itandanda mmene zinkakhalira nyumba, mafuwa atatuatatu ali m'malo mwake, ndi khoma limodzi la sitolo lodzaza mabowo a zipolopolo. Mango anali atagwa n'kuwolera pansi chaka ndi chaka popanda wotola. Nyenje zimene zinkandiboola makutu kuyambira m'mawa zinangoti zii, zonse pamodzi. M'mbali mwa njira ndinaona miyala yopakidwa utoto wofiira wofwifwa, ndipo ndinakumbukira zimene othawa nkhondo ankatiuza ku Zemba za mabomba okwirira. Amati anawachotsa onse. Komabe ndinayendetsa njinga pakati penipeni pa njira.

Kuseri kwa mudziwo kunali mtsinje waukulu wa magombe ozama. Mzere wabuluu unkadutsa pamwamba pake mosakayika, koma mlatho unali utatsala zipilala ziwiri zokha. Ndinakulitsa mapu ndi zala mpaka pamapeto. Mtsinjewo unalibe dzina. Ndinayamba kutsata gombe chakumunsi pang'onopang'ono kufuna potsikira, ndipo nditangochoka pa mzere uja, mayi wa m'foni anayankhula kuti nditembenuke. Ndinapitirira. Anabwerezanso, ndi mawu ofatsa omwewo, kuti nditembenuke ndibwerere. M'tchire lonse lija munalibe mawu ena koma akewo. Atanena kachitatu, foniyo inatentha ndi dzuwa n'kuzima yokha.

Ndinazimitsa injini. Ndikuuzani zoona, ana anga, ndinaganiza zobwerera. Kumbuyo kunali njira imene ndaponda kale, yopanda bomba, ndi anthu oti n'kundikankhira njinga petulo akatha. Kansaluko kakanafikabe ku Zemba, ndipo a Naphiri sakanadziwa kuti ndinatembenuka. Kunama ndinali nditakuyesapo kale, ndipo kunandiyendera zaka zoposa makumi awiri. Koma ndikanatero, ndiye kuti ndam'taya Lufeyo kachiwiri, ulendo uno m'mudzi wopanda munthu. Ndinakhala panjingapo, manja pachiwongolero, ndikudikira kuti mwina andigunda phewa monga kale. Sanandigunde. Ndipo ndinayankhula mokweza, ndili chiyang'anire kutsogolo.

"A Phiri, dzina lanu ndinalemba ndine. Si boma ayi. Munanena zoona pa dibi paja, ine n'kukusungirani chakukhosi. Ndakusocheretsani leronso chifukwa cha matama omwewo. Koma kubwerera sindibwerera."

Ndinatsika, n'kuyamba kukankha njingayo m'mphepete mwa gombe, ndikuponda pamiyala pokhapokha. Sindidziwa kuti ndinayenda nthawi yaitali bwanji. Pokhota mtsinje ndinaona munthu pansi pamchenga, atagwada, akufukula dzenje la madzi ndi chikho. Anali atavala chikhoti chokhuthala m'dzuwa la Okutobala. Ndinam'patsa moni, iye n'kupitiriza kufukula. Ndinafunsa dzina la mtsinjewo.

"Msambankhunda," anatero, osadzutsa mutu. "Mutsikire pamabango apo. Kumtunda kwakeko musapondeko."

Ndinathokoza. Pamenepo anadzutsa maso, koma sanayang'ane ine. Anayang'ana kumbuyo kwa njinga.

"Mnzanuyo wakhalitsa kuno. Muwoloke naye pang'onopang'ono."

Bokosi linali lotseka, kansalu kali m'kati. Panjingapo panalibe munthu wina aliyense. Ndinatsikira pamabango paja, ndinaima pamchenga, n'kunena kuti, "A Lufeyo Phiri, uno ndi Msambankhunda. Tiyeni tiwoloke." Nditakwera tsidya linalo ndinacheuka kuti ndikweze dzanja. Dzenje linalipo, chikho chinalipo, munthu panalibe. Mabango a pamenepo ndi aatali, munthu akhoza kubisika mosavuta. Ndimadziuza zimenezo mpaka lero.

Tsidyalo ndinapeza kanjira ka ng'ombe, ndowe zake zaziwisi, ndipo sindinakondwerepo ndi ndowe ngati tsiku limenelo, ine amene ndazipondaponda moyo wanga wonse. Kanjirako kananditulutsira pamudzi wa anthu amoyo, kumene ndinagula mabotolo awiri a petulo. Nditawauza kumene ndadzera anangoyang'anana. Foni itazizira inayakanso, kadontho kanga kali pamalo oyera opanda msewu. Kuyambira pamenepo mtsinje uliwonse ndinkafunsa dzina kwa anthu, ngakhale mapu atalemba. Pa malire msilikali anandiuza kuti nditsegule bokosi.

"Ichi n'chiyani, mdala?"

"Dothi la kumanda. Ndikupita naye kwawo."

Anandiyang'ana, n'kubwezera chivindikirocho ndi manja awiri, osafunsanso china.

Ku Zemba, tsiku lachisanu la ulendo

A Naphiri anandichingamira kumapeto kwa bwalo, abale ena ataima chapatali. Sanandipatse moni. Anatambasula manja, ine n'kuikamo kansaluko.

"Munabwerera m'mbuyo?"

"Ayi, mayi."

"Mitsinje munamuuza yonse?"

"Yonse."

Anakafungatira pachifuwa n'kutembenuka kuti azipita. Ndikanatha kukwera njinga pomwepo, nkhani n'kuthera pamenepo, anthu n'kumanditama kuti a Mbewe ndi munthu wachifundo. Koma zimene ndinanena kumtsinje kuja ndinauza wakufa, ndipo wakufa sakuyang'ana m'maso. Ndinawaitana. Ndinavula chipewa, ndinagwada pafumbi pamaso pa onse, n'kuwauza kuti amene analemba dzina la mlongo wawo ndine, ndiponso chifukwa chake.

A Naphiri sanadabwe ngakhale pang'ono.

"Tinkadziwa, a Mbewe. Anatiuza yekha tsiku lomwelo, n'kutiletsa kuti tisakufunseni. Mumayesa ku Zemba kuno kulibe ena a njinga zamoto? Amene anam'tulutsa pakhomo ndi amene anayenera kum'bweza." Anayang'ana kansalu kaja, kenaka ine. "Dzukani, mukasambe m'manja. Kumanda mutsogole ndinu."